Tinapita ku phiri la Sinai pagalimoto kuchokera ku Cairo: zimene ndingauze amene akufuna kupitako ndi anzawo

Anthu ambiri amene amafika ku phiri la Sinai sagonako. Basi imawatenga madzulo kumahotela a ku Sharm el-Sheikh kapena ku Dahab, imakawatula patsinde pa phiri pakati pa usiku, amakwera mumdima, amajambula dzuwa likutuluka, amatsika miyendo ili njenjenje, amalowa m'nyumba ya amonke ya Saint Catherine ya patsinde pa phirilo kwa mphindi zochepa tulo tili m'maso, kenako basi yomweyo imawabweza. Ngati cholinga chanu ndi chithunzi cha pa Facebook, njira imeneyo ikukwanirani. Koma ngati mukupita chifukwa mtima ukufuna malo a phee oti mupemphere kapena kulingalira za moyo wanu, musalole kuti akuthamangitseni choncho. Ife tinayenda pamsewu kuchokera ku Cairo, ulendo wa makilomita pafupifupi 450, ndipo tinagona patsinde pa phirilo mpaka titakhutira.

Tinali kagulu ka anthu amene tinadziwana ku Cairo komweko, ena ali pasukulu, ena pantchito. Panali Akatolika, panali mlongo wina wa mpingo wa Chipentekoste wokonda kusala kudya, panali Msilamu mmodzi, komanso mnyamata wina amene amanena yekha kuti kutchalitchi amapitako pamaliro ndi paukwati basi. Ndatchula zimenezi chifukwa zovuta zambiri za ulendo wotere sizichokera kumsewu ayi, zimachokera m'galimoto momwemo. Wina akufuna kwaya, wina akufuna nyimbo zovina, wina akufuna kugona. Wina akuona ngati ndi ulendo wachipembedzo, mnzake akuona ngati ndi holide.

Choncho tisananyamuke tinakhala pansi n'kugwirizana zinthu zingapo. Palibe wokakamiza mnzake kulowa m'pemphero la mpingo wake. Sipika ya nyimbo itsala m'galimoto, paphiri sipita. Tikafika malo ena paphiripo, aliyense adzakhala payekha osalankhula kwa ola lathunthu. Ndalama zonse za mafuta, malo ogona ndi otilondolera tidzasonkha tisananyamuke, ndipo adzasunga ndi munthu mmodzi wokhala ndi kabuku kolembamo. Zinkaoneka ngati tikuchulutsa gaga m'diwa, koma mfundo ya ola la phee ija ndi imene inapulumutsa ulendo wonse.

Pa nkhani ya galimoto, ife tinachita hayala minibasi pamodzi ndi dalaivala wake wa ku Egypt komweko, ndipo ndingalangize aliyense kuchita chimodzimodzi. Kumwera kwa Sinai kuli marodibuloko ambiri a apolisi ndi asilikali, ndipo pa iliyonse amafunsa m'Chiarabu kuti muli anthu angati, a mayiko ati, mukuchokera kuti, mukukagona kuti. Dalaivala wozolowera msewuwu amayankha mosataya nthawi. Wathu anatiuziratu kuti tilembe papepala mayina athu, mayiko athu ndi manambala a mapasipoti, n'kupanga mafotokope angapo, ndipo mapepalawo anagwiradi ntchito. Pasipoti yeniyeni ikhale m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama, ndipo viza kapena chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chikhale chisanathe. Amene mukuganiza zoyendetsa nokha galimoto ya 4x4 dziwani kuti kuwoloka nayo ngalande ya Suez kulowa ku Sinai kumafuna chilolezo chapadera cha boma. Ma drone ndi oletsedwa ku Egypt popanda chilolezo, musayerekeze kunyamula. Ndipo kumpoto kwa Sinai, cha ku El Arish ndi Rafah, si kumalo kokacheza. Kunali nkhondo ya asilikali ndi zigawenga kwa zaka zambiri. Ulendo uno ndi wa kumwera kokha.

Tinanyamuka kusanache kuti tithawe kuthithikana kwa magalimoto mu Cairo. Kuchoka ku Cairo kufika cha ku Suez ndi makilomita pafupifupi 130 a msewu waukulu wabwino, ndipo palibe chokambapo. Chidwi chimayambira pa msewu wodutsa pansi pa ngalande ya Suez, wotchedwa Ahmed Hamdi, dzina la mkulu wa asilikali amene anafa pa nkhondo ya mu 1973. Musanalowemo amakutsitsani, zikwama zimadutsa pamakina, galimoto amaifufuza. Foni ikhale m'thumba. Kujambula asilikali, marodibuloko kapena ngalandeyo kungakusandutseni alendo a apolisi tsiku lonse. Msewu wapansiwo ndi wautali kupitirira pang'ono kilomita imodzi ndi theka, sitima zikuluzikulu zikuyandama pamwamba panu, ndipo mukatulukira tsidya linalo mwachoka mu Africa, mwalowa mu Asia, ngakhale dziko likadali Egypt.

Patsogolo pang'ono pali Uyun Musa, akasupe a Mose, amene ena amati ndi Mara wa pa Eksodo 15, pamene Aisraele anapeza madzi owawa. Ndinene zoona, pali zitsime zochepa, mitengo ya kanjedza ndi amayi ogulitsa mikanda. Imani mphindi 20, muwongole miyendo, mupitirize. Ku Ras Sudr ndi kumene muyenera kuthira mafuta, kugula madzi akumwa ambiri ndi kupita kuchimbudzi, chifukwa kutsogoloko malo oterewa amatalikirana. Kuchokera apo msewu umalambalala nyanja ya Suez kudzanja lamanja, kudutsa Abu Zenima mpaka Abu Rudeis, kumene mumaona zitsulo zopopera mafuta zitaima m'madzi. Mukadutsa apo ndi pamene mumakhotera kumanzere, kusiya nyanja, kulowa m'mapiri.

Pamphambano imeneyi tinakhalitsa. Apolisi anatiuza kuti alendo akunja sapitirira okha, tidikire galimoto yawo yotiperekeza. Dzuwa linali litakwera, m'minibasi munayamba kutentha, ndipo mnyamata wa maliro ndi ukwati uja anayamba kung'ung'udza kuti akatsike akawafunse bwino. Dalaivala anangomuyang'ana pagalasi n'kupukusa mutu. Mkulu wa kagulu kathu, bambo wina wachikulire amene tonse tinkamupatsa ulemu, anati, "Achimwene, khalani pansi. Anthuwa ali pantchito yawo, ife ndife alendo." Anakhaladi. Patapita nthawi galimoto ya apolisi inabwera ndipo tinanyamuka. Malamulo a msewuwu amasinthasintha malinga ndi mmene chitetezo chilili: nthawi zina amakulolani nokha, nthawi zina amakuperekezani, nthawi zina alendo amawazungulitsa njira yaitali ya ku Sharm el-Sheikh. Choncho musaike pulogalamu yothina tsiku loyenda. Ulendo umene pamapu ukuoneka wa maola 6 uwerengereni tsiku lonse, ndipo yesetsani kufika kusanade.

Wadi Feiran ndi pamene aliyense m'galimoto anasiya foni. Mwayenda maola ambiri mukuona mchenga ndi miyala yokhayokha, mwadzidzidzi chigwa chikupanikizika pakati pa mapiri ofiirira ndipo mukuona mitengo ya kanjedza yambirimbiri, minda, timakoma ta miyala, ana akuweta mbuzi. Akhristu akale ankati pano ndi pa Refidimu wa pa Eksodo 17, pamene Aroni ndi Huri anagwiriziza manja a Mose Aisraele akumenyana ndi Aamaleki. Pali kanyumba ka masisitere a mpingo wa Orthodox, ndipo chapafupi pali phiri lalikulu la Serbal, limene anthu ena akale ankakhulupirira kuti ndilo Sinai weniweni. Kuchokera pamenepo msewu umangokwera pang'onopang'ono mpaka m'tauni ya Saint Catherine, imene ili pamtunda wopitirira mamita 1,500 kuchokera pa nyanja. Polowa m'derali alendo akunja amalipira chiphaso, popeza ndi malo otetezedwa.

Kutsika m'galimoto, mphepo inatilandira. Mawu oti chipululu amanamiza anthu ambiri, amangoganiza za kutentha. Kuno m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale usiku kumazizira mpaka madzi kuundana, ndipo zaka zina chipale chofewa chimagwa pamapiri. Ngakhale m'miyezi yotentha, pamwamba pa phiri usiku pamafunika jekete. Nyamulani jekete lolemera, chisoti chofunda makutu, magolovesi ndi masokosi okhuthala, ndiponso chipewa cha dzuwa ndi mafuta opaka pamilomo chifukwa mpweya wa kuno ndi wouma kwambiri, milomo imang'aluka tsiku limodzi. Miyezi yabwino ndi ya pakati, Malichi mpaka Meyi kapena Seputembala mpaka Novembala.

Malo ogona alipo amitundu iwiri amene ndingatchule: nyumba ya alendo ya amonke, imene ili pafupi ndi mpanda wawo, ndi makampu a Abedu, anthu a m'chipululu muno, m'tauni. Ife tinagona kukampu. Zipinda zake n'zosavuta, mabulangete ambiri, ndipo madzulo mumakhala mozungulira moto mukumwa tiyi wotsekemera kwambiri wothira masamba onunkhira a m'mapirimo. Abedu a kuno ndi a fuko la Jebeliya. Mbiri yawo imati makolo awo anatumizidwa kuno ndi Justinian, mfumu ya ufumu wakale wa Byzantium, kuti azitumikira ndi kuteteza amonke, kenako anakwatirana ndi anthu a m'derali n'kulowa Chisilamu. Mpaka lero ndi iwo amene amagwira ntchito zambiri kwa amonkewo, ndipo lamulo la kuno ndi lakuti simukwera phiri popanda Mbedu wokulondolerani. Boma la Egypt lakhala likumanga mahotela ndi misewu yatsopano m'tauniyi, kotero musadabwe kupeza fumbi ndi mathirakitala pamalo amene mumayembekezera bata.

M'mawa mwake tinayamba ndi nyumba ya amonke, miyendo ikadali ndi mphamvu ndiponso mitu ili bwino. Apa ndi pamene a ulendo wa usiku umodzi amaluza kwambiri. Nyumbayi amatsegulira alendo m'mawa okha, kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka isanakwane 12 koloko, ndipo Lamlungu ndi masiku a zikondwerero za Orthodox amatseka. Lachisanu nalonso musalidalire. Funsani eni kampu yanu musanasankhe masiku. Valani zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, amuna ndi akazi omwe.

Mpanda wake wa miyala unamangidwa pa lamulo la Justinian pakati pa chaka cha 548 ndi 565, ndipo kuyambira pamenepo amonke sanachokepo, n'chifukwa chake imawerengedwa m'gulu la nyumba za amonke zakale kwambiri padziko lonse zimene zikugwirabe ntchito. UNESCO inaika derali pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2002. Mukakweza maso pakhoma muona kakhonde kamatabwa m'mwamba: kale zipata zikatsekedwa poopa achifwamba, anthu ndi katundu ankakokedwa ndi chingwe kudzera pamenepo. Dzina la Catherine linabwera pambuyo pake. Iye anali mtsikana wa ku Alexandria amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo amonke amati thupi lake analipeza pamwamba pa phiri lina lapafupi, limene lero limatchedwa ndi dzina lake.

M'katimo tinjira n'topapatiza ndipo anthu amapanikizana pa chitsamba chija. Inde, pali chitsamba chamoyo, chobiriwira, cha minga, chimene amonke amati ndi cha mtundu womwewo ndiponso cha pamalo pomwe Mose anaona chikuyaka osanyeka. Anthu anachithothola masamba mpaka anachitchinga ndi khoma, nthambi zimangolendewera pamwamba pa mitu. Kachalichi ka chitsambacho kali kuseri kwa guwa la tchalitchi chachikulu. Wolowamo amavula nsapato, koma kawirikawiri alendo wamba salowetsedwa. Palinso chitsime chimene amati ndi pamene Mose anakumana ndi ana aakazi a Yetero. M'tchalitchi chachikulu simujambula. Mumalowa mwakachetechete, nyali zambirimbiri zili lendelende, fungo la lubani lili ponseponse, ndipo kutsogolo m'mwamba muli chithunzi cha timiyala tonyezimira chosonyeza Yesu akuwala paphiri, Mose ndi Eliya ali m'mbali mwake, cha m'nthawi ya Justinian yomweyo.

Mnzathu wachisilamu anaima nthawi yaitali pamalo ena. M'kati mwa mpanda wa amonkewo muli mzikiti, nsanja yake ili moyandikana ndi nsanja ya mabelu. Unakhazikitsidwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, nthawi ya ulamuliro wa Afatimid, mafumu achisilamu amene ankalamulira Egypt. Amonke amasunganso kope ya kalata imene amati Mtumiki Muhammad anawapatsa yowalonjeza chitetezo. Mnzathuyo anatikumbutsa kuti phirili limatchulidwanso mu Qur'an, ndipo Mose, amene Asilamu amamutcha Musa, ndi mneneri wamkulu kwa iwonso. Kuyambira pamenepo mlongo wa Chipentekoste uja, amene m'galimoto ankamuyang'ana cham'mbali, anayamba kumufunsa mafunso, ndipo anacheza mpaka pachipata.

Kanyumba kosungiramo zinthu zakale kamalipiritsa padera, koma musakadumphe. Muli chithunzi cha nkhope ya Khristu chojambulidwa ndi phula losakaniza ndi utoto m'zaka za m'ma 500, mbali ziwiri za nkhopeyo zosafanana, ina yofatsa ina yaukali. Zithunzi zoterezi zinaphwanyidwa zambiri m'dziko la Byzantium m'zaka za m'ma 700 ndi 800, pamene mafumu ena anaziletsa. Za kuno zinapulumuka chifukwa Sinai anali kale m'manja mwa Aluya, kutali ndi mafumuwo. Laibulale yawo ili ndi mabuku olembedwa pamanja opitirira 3,000, m'Chigiriki, Chiarabu, Chisiriya ndi zilankhulo zina. Kuno ndi kumene kunali Codex Sinaiticus, Baibulo la Chigiriki la m'zaka za m'ma 300. Mjeremani wina, Constantin von Tischendorf, anatengako masamba ena mu 1844, n'kudzatenga gawo lalikulu mu 1859 kupita nalo ku Russia. Mu 1933 boma la Soviet Union linaligulitsa ku Britain pa mtengo wa mapaundi 100,000, ndipo lero gawo lalikululo lili ku British Library ku London. Masamba ena anapezeka m'kachipinda kobisika m'khoma mu 1975, ndipo amenewo akadali kwa amonke. Mukamva mmene nkhaniyi amaikambira kuno, mumazindikira kuti bala lake silinapole.

Kunja kwa mpanda, m'munda, muli nyumba ya mafupa. Dothi lokumbika ndi losowa pamalo a miyala ngati amenewa, choncho mmonke akamwalira amaikidwa m'manda aang'ono, ndipo patapita zaka mafupa ake amafukulidwa kuti apereke malo kwa wina; zigaza amaziunjika mbali imodzi, mafupa ena mbali ina. Ena mwa ife anakana kusuzumiramo, ndipo palibe anawakakamiza.

Tsopano za kukwera. Phirilo Aluya amalitcha Jebel Musa, ndipo nsonga yake ili pa mamita 2,285. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya ngamila, yokhotakhota, yokwera pang'onopang'ono, imene inakonzedwa m'zaka za m'ma 1800 pa lamulo la Abbas Pasha, wolamulira Egypt. Yachiwiri ndi ya masitepe a kulapa, pafupifupi 3,750, amene amonke anayala ndi miyala molunjika m'phompho kuseri kwa nyumba yawo. Njira ziwirizi zimakumana chakumtunda, ndipo masitepe omaliza pafupifupi 750 aliyense amakwera ndi miyendo yake, ngamila sifikako. Munthu wamphamvu zake amatenga maola awiri ndi theka kapena atatu kudzera njira ya ngamila.

Ife tinakwera masana, titadya, kuti tikaone dzuwa likulowa. Ichi ndi chinthu chachikulu chimene ndingakuuzeni. Usiku njirayi imadzaza. Anzathu awiri amphamvu anabwereranso usiku wotsatira kuti akaone kutuluka kwa dzuwa, ndipo anati matochi anali ndondondo ngati linthumbu, pamasitepe omaliza anthu ankaima pamzere, ndipo pamwamba ena ankaimba, ena akukangana malo ojambulira. Anavomereza kuti kuwala kwa m'mawa pamapiri ofiirawo n'kokongola zedi, ndipo potsika anadzera masitepe a kulapa, amene anawasiya mawondo akuwawa masiku angapo. Koma masana ife tinakumana ndi anthu owerengeka chabe njira yonse.

Bambo wachikulire uja ali ndi vuto la bondo, choncho anakwera ngamila. Ngati inunso mudzatero, gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo mugwirizanenso kuti ikakutulani pati. Ngamila podzuka imayamba ndi miyendo yakumbuyo, ndiye tsamirani chagada mutagwiritsa, apo ayi mudzagwa chafufumimba. Potsika phiri musakwere ngamila, chishalo chake chimapweteka kwambiri pamtsetse. M'njira muli timisasa ta Abedu togulitsa tiyi, madzi ndi mabisiketi, ndipo mitengo imakwera pamene inunso mukukwera. Musanyinyirike, zonsezo zinafika pamenepo pamsana pa ngamila ndi pa munthu.

Pansi pa masitepe omaliza pali kachigwa kozunguliridwa ndi matanthwe, kotchedwa ndi dzina la Eliya, kokhala ndi mtengo wautali wakale ndi kachalichi. Amati ndi pamene mneneriyo anabisala atathawa Yezebeli. Pamenepa ndi pamene tinasunga pangano lathu. Mmodzi anawerenga 1 Mafumu 19, za mphepo, chivomezi, moto, ndi kamawu kaja kapansipansi, kenako tinabalalika, aliyense pamwala pake, wotilondolera uja atakhala poteropo akusuta fodya wake.

Bata la m'chipululu n'losiyana ndi bata lina lililonse limene ndinalidziwa. Palibe tsamba logwedera, palibe kachilombo kolira, palibe galimoto yakutali. Mphindi zoyamba sizisangalatsa. Makutu amalira okha, mumamva mtima wanu ukugunda, dzanja limapita lokha kuthumba kukafuna foni. Kenako zimayamba kubwera nkhani zimene phokoso la tsiku ndi tsiku limakuthandizani kuzithawa: munthu amene simunamuyimbire, mkwiyo umene mwausunga zaka, mantha a ntchito. Ine sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinangopeza kuti nkhani ina ya m'banja, imene ndinkaizengereza miyezi yambiri, ndinaiganiza kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda chondidula, ndipo podzuka ndinali nditadziwa chochita.

Si onse zinawayendera choncho, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Mnyamata wa maliro ndi ukwati uja anagona tulo tofa nato, ndipo podzuka anati sanagonepo bwino choncho chichokereni kwawo. Amene anavutika ndi mlongo wathu wa mapemphero. Anali atasala kudya kuyambira dzulo lake, akuyembekezera chinachake chachikulu paphiri la Mulungu. Chimene anapeza ndi mutu waching'alang'ala, chizungulire ndi kunjenjemera. Tinamukakamiza kumwa tiyi wa shuga ndi kudya zipatso za kanjedza, ndipo anafika pamwamba atagwiriridwa mbali zonse, misozi ili m'maso, akunena kuti mwina chikhulupiriro chake n'chochepa. Bambo aja anamuuza mofatsa kuti, "Chemwali, ngakhale Eliya mngelo anayamba wamudyetsa mkate asanamutumize kuphiri lino." Anaseka akupukuta misozi. Ngati mukufuna kusala, salani tsiku lina muli pansi. Tsiku lokwera idyani, imwani madzi ambiri ngakhale musakumva ludzu, ndipo amene ali ndi BP, shuga, mphumu kapena vuto la mtima aonane ndi dokotala asanayambe ulendo, mankhwala ake akhale m'kachikwama ka kumsana.

Wina adzakufunsani ngati phirili ndi lomwelo la m'Baibulo. Akatswiri sagwirizana, ena amaloza mapiri ena a mu Sinai momwemo, ena ku Negev, ena ku Saudi Arabia, ndipo palibe chofukulidwa pansi chimene chinathetsa mkanganowo. Chodziwika ndi chakuti Akhristu akhala akupemphera pano kuyambira zaka za m'ma 300. Mayi wina wotchedwa Egeria anachokera kumadzulo kwa Ulaya n'kukwera phirili cha m'ma 380, ndipo analemba kuti anapeza amonke ndi kachalichi pamwamba pake. Kwa ine zimenezo n'zokwanira. Miyala ya masitepeyo inasalala ndi mapazi a anthu amene anabwera ndi mitolo yawo yamumtima kwa zaka mazana ambiri.

Masitepe omalizawo ndi osafanana, ena aatali ena aafupi, ndipo mpweya umachepa. Pumani pafupipafupi, palibe mphotho ya woyamba kufika. Pamwamba pali kachalichi ka Utatu Woyera komangidwa mu 1934 pa mabwinja a tchalitchi chakale, kamene nthawi zambiri kamakhala kokhoma, ndi kamzikiti pambali pake. Mnzathu anavula nsapato n'kuswali pamenepo, Akatolika anachita kolona atatsamira khoma la kachalichi. Mapiri ali mbali zonse mpaka pamene maso alekezera, ndipo lalitali limene mukuliona chapafupi ndi Jebel Katherina, loposa mamita 2,600, lalitali kuposa onse mu Egypt. Dzuwa likangolowa kuzizira kumagwa nthawi yomweyo. Abedu amabwereketsa mabulangete pa ndalama pang'ono. Amanunkha ngamila, koma mudzawafunda ndithu. Zinyalala zanu tsikani nazo, pamwambapo anthu anapaipitsa kale mokwanira.

Potsika mumdima dzerani njira ya ngamila, masitepe a kulapa usiku ndi oopsa. Aliyense akhale ndi tochi yakeyake, makamaka ya pamphumi kuti manja akhale omasuka. Tochi ya pafoni imatha batire msanga kukazizira. Nsapato zikhale zogwira pansi ndiponso zozolowereka, osati zatsopano. Woyenda pang'onopang'ono ayende patsogolo, pambuyo pa wolondolera. Pena pake imani, muzimitse matochi onse, muyang'ane nyenyezi.

Za ndalama, nyamulani mapaundi a ku Egypt m'manja, ambiri akhale ang'onoang'ono, chifukwa paphiri palibe za makadi ndipo makina otapira ndalama m'tauniyo si odalirika. Mitengo imene mwawerenga pa intaneti musaikhulupirire kwambiri. Ndalama ya ku Egypt yagwa mphamvu kangapo, monga mu Malichi 2024, ndipo zinthu zinakwera. Ikaninso padera ya bakishishi, kangachepe kothokozera: ya wolondolera, ya mwini ngamila, ya dalaivala. Kuno ndi mbali ya malipiro awo. Musanajambule Mbedu aliyense, makamaka amayi, pemphani kaye.

Pobwerera tinadzera kum'mawa, ulendo wa maola awiri kukafika ku Dahab, m'mphepete mwa nyanja ya Aqaba, kumene mapiri a Saudi Arabia amaoneka tsidya lina. Miyendo yotupa imafuna madzi a m'nyanja, ndipo anzathu amene anapirira mapemphero a ena anayenera kupatsidwa tsiku lawo. Apa m'pamene panabuka mkangano ndi mwini minibasi, amene pafoni ananena kuti Dahab sanali m'pangano ndipo tiwonjezere ndalama zambiri. Chinatipulumutsa ndi uthenga wa pa WhatsApp umene msungichuma wathu anamutumizira tisananyamuke, wotchula njira yonse, masiku, ndi amene adzalipire mafuta, chakudya ndi malo ogona a dalaivala. Lembani zonsezi musanapereke ndalama yoyamba. Ndipo tsiku lobwerera ku Cairo onetsetsani kuti dalaivala wagona mokwanira, munyamuke m'mawa, chifukwa kuchokera ku Dahab msewu ndi wautali kuposa wa popita, ndipo marodibuloko aja mudzawadutsanso onse.